Mapu akale a mapiri a Bighorn akusemphana ndi foni, tikhulupirire ziti?

"Ndine mayi wa ku Ntcheu koma ndinakwatiwa kuno ku Wyoming, m'dziko la America, ndipo timakhala m'tauni ya Buffalo. Apongozi anga aamuna ali ndi zaka 84. Ali mnyamata, nyengo yotentha ikafika ankakusa ng'ombe pamodzi ndi agogo awo kukwera nazo ku mapiri a Bighorn, kumene kunali kanyumba kamitengo, khola ndi kasupe. Tsiku lina tikukonza m'nyumba tinapeza mapu akale, pepala lake lachikasu, pamwamba polembedwa kuti Cloud Peak, ndipo pena pake pali kamtanda kapensulo. Bambo akuti ndi pomwepo, ndipo akulakalaka kukapaonanso miyendo isanawakanike. Amuna anga anawerenga manambala a m'mphepete mwa mapuwo n'kuwalowetsa m'foni, koma foni ikuloza pakati pa nkhalango popanda madzi. Msewu umene uli pamapupo tinautsata, tinakathera pa geti lokhoma. Kodi mapuwa ndi olakwika, kapena bambo ndiwo aiwala? Nanga kamtandako kangakhale umboni woti malowo ndi a banja lathu?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mundiperekere moni kwa bambo. Mtima ukhale m'malo. Pa zonse mwafotokozazi sindikuona chosonyeza kuti bambo aiwala, ndiponso sindikuona chosonyeza kuti mapuwo ndi achabechabe. Ntchito yoyeza malo ndi kujambula mapu ndaigwira zaka zoposa 30, poyamba kwathu ku Malawi, kenako kunoko, ndipo dandaulo lanuli ndalimva kambirimbiri. Mapu akale amanena zimene munthu wina anaona ndi maso ake m'chaka chimene anaima pamalopo, ndi zida zimene anali nazo. Mukadziwa kuti munthuyo ankaona bwino chiyani ndipo ankangoyerekeza chiyani, mudziwanso poti muwakhulupirire ndi poti muwakayikire.

Musanayang'anenso kamtandako, werengani m'mphepete mwa pepalalo. Ambiri amathamangira pakati, pamene nkhani yeniyeni ili m'timalemba ting'onoting'ono tapansi. Mapu anuwo ndi a bungwe la boma la United States Geological Survey, limene anthu amangoti USGS. Linakhazikitsidwa mu 1879, ndipo ntchito yojambula mapu osonyeza mapiri ndi zigwa za dziko lonse linaiyamba mu 1884, John Wesley Powell ali mkulu wake. Pansi pa mapu anuwo mupeza zaka zingapo zosiyana. China ndi chaka chimene asaveya, anthu oyeza malo, anali kuthengo, china ndi chimene mapuwo anatuluka koyamba, ndipo mwina pali chinanso chimene anangosindikizanso osasintha kanthu. Chaka chofunika kwa inu ndi choyambacho. Ndaonapo anthu akukangana chifukwa mapu osindikizidwanso m'zaka za m'ma 1930 sakuonetsa nyumba yomangidwa mu 1920, osadziwa kuti woyezayo anadutsa pamalopo nyumbayo isanaganiziridwe n'komwe. Chigawo cha Cloud Peak, nsonga yaitali kwambiri ya mapiri a Bighorn, chinayezedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo mmodzi mwa amene anatsogolera ntchitoyo anali François Matthes, amene pambuyo pake anajambula mapu otchuka a Grand Canyon ndi Yosemite. Choncho muli ndi ntchito ya munthu wa dzanja labwino. Koma bambo ankakwera phirilo m'zaka za m'ma 1950. Pakati pa mapuwo ndi ubwana wawo padutsa zaka zoposa 50.

Chachiwiri choti muwerenge ndi sikelo. Mapu akale a m'derali ndi a 1:125,000, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi makilomita 1.25 pansi. Tengani rula muyeze kamtanda ka agogo aja. Kakakhala ka mamilimita anayi, kakuphimba theka la kilomita. Nsonga ya pensulo yokha ingaphimbe mabwalo a mpira angapo. Agogowo sankalemba manambala a foni, ankangodzikumbutsa kuti ndi chakuno, kumutu kwa khwawa ili. Amuna anu atasandutsa kamtandako kukhala manambala, anakafunsa funso limene sikanalembedwere kuyankha.

Ndikufotokozereni m'mene mapuwa ankajambulidwira, chifukwa gwero la kusemphanaku lili pamenepa. Kunalibe zithunzi zojambulidwa pandege. Woyeza ankakwera phiri ndi mahatchi ndi nyulu zonyamula katundu, n'kuimika kathebulo kamiyendo itatu pansonga, pepala atalimata pamwamba pake. Pathebulopo ankaika chida chounikira chokhala ndi rula pansi, chotchedwa alidade. Ankaunika nsonga ina imene malo ake anali odziwika kale, n'kujambula mzere. Ankasamukira paphiri lina, n'kuunikanso. Pamene mizereyo yakumana, pamenepo ndiye pamalo pa chinthucho. Zapakati ankazijambula ndi diso ndi luso. Nsonga za mapiri, misana yake, nyanja zing'onozing'ono zooneka kuchokera pamwamba, malo amene mitsinje ikuluikulu imakumana, zimenezi ankazipeza bwino kwambiri moti mpaka lero ndimachita nazo chidwi. Koma pansi pa khwawa lodzaza mitengo ya paini, pamene diso silinkafika, mfuleni ankaujambula mongoganizira kuti uyenera kuti umakhota motere. Kasupe wamng'ono wobisika m'mitengo ankatha kumuphonya, kapena kumuika tsidya lina la khwawa. Nyengo yogwira ntchito kumtundako inalinso yaifupi, miyezi itatu kapena inayi chipale chofewa chisanatseke njira, ndipo dera loti amalize linali lalikulu. Sankatsika m'khwawa lililonse.

Mizere yofiirira yokhotakhota imene ili pamapu anuwo inu mumaidziwa kale, ngakhale simunaiphunzire pamapu. Ndi akalozera omwe aja alangizi ankatiyezera m'minda ya m'mapiri kwanu ku Ntcheu: mzere woyenda chopingasa phiri, osakwera osatsika. Ikathithikana, malowo ndi otsetsereka kwambiri. Ikatalikirana, ndi pachidikha. Ikapanga kansonga ngati mpaliro, kansongako kamaloza kumtunda kwa mtsinje. Pansi pa mapu palembedwa kusiyana kwa msinkhu pakati pa mzere ndi unzake, ndipo pa mapu akale a m'mapiri kawirikawiri ndi mafiti 100, pafupifupi mamita 30. Phompho la mamita 20, lokwanira kupha munthu ndi hatchi yake, likhoza kukhala pakati pa mizere iwiri osaoneka n'komwe. Ichi musachiiwale pokonza njira yoti bambo ayendemo.

Tsopano za foni. Manambala a m'mphepete mwa mapu amawerengedwa kuchokera pa muyeso woyambira umene akatswiri anagwirizana, wotchedwa datum, ndipo muyeso umenewu wasinthidwa kangapo. Mapu ambiri a USGS a m'zaka za m'ma 1900 anagwiritsa ntchito wa 1927, wolembedwa NAD27. Kenako kunabwera wa 1983, NAD83, umene ndi wofanana kwambiri ndi WGS84 wa m'mafoni athu. Pakati pa awiriwa malo amasuntha ndi mamita makumi angapo, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito manambala a UTM, amene amawerenga malo m'mamita, kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita 200 chakumpoto. Mapu anu ndi akale kuposa wa 1927 womwewo, choncho kusemphana kwa mamita mazana angapo sikungandidabwitse. Inenso zinandichitikira ndili wachinyamata pantchito kwathu, GPS itangofika kumene. Ndinali ndi mapu aja a 1:50,000 a muyeso wa Arc 1950, ndikufunafuna bikoni, chizindikiro chimene oyeza malo anaika, pakaphiri kena. Makina ankandiimika m'munda wa chimanga wa eni ake, ine thukuta kamukamu, kuzungulirazungulira. Mkulu wina amene ankatinyamulira zida anangoloza ndi mlomo mulu wa miyala womwe unali chapatali mamita pafupifupi 300, n'kunena kuti, "Chimene mukufunacho si icho?" Bikoni inali pamalo pake, mapu anali olondola, ine ndi amene sindinauze makinawo muyeso woti awerengere.

Ndiye chitani izi. USGS inajambula pakompyuta mapu ake akale oposa 178,000 n'kuwaika pa intaneti kuyambira 2011, ndipo aliyense amawatenga ulere pa tsamba lotchedwa topoView. Mukalemba Buffalo, Wyoming, n'kusunthira kuphiri, likuonetsani mapu onse amene anajambulidwapo a malo amenewo, chaka ndi chaka. Amene mukuwafuna kwambiri ndi a 1:24,000, amene sentimita imodzi ndi mamita 240. Ambiri a m'mapiri a Bighorn anatuluka m'zaka za m'ma 1960, anajambulidwa kuchokera ku zithunzi za pandege, kenako anthu n'kupita kukatsimikiza pansi. Amenewa ndiwo ali pafupi ndi nthawi ya bambo. Pepala limodzi limatenga dera la makilomita pafupifupi 14 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndipo akalozera ake amasiyana msinkhu ndi mafiti 40 basi. Mupezapo mawu ngati Cow Camp (msasa wa abusa a ng'ombe), Corral (khola), Spring (kasupe), Jeep Trail (kanjira ka galimoto zolimba), ndi timabokosi takuda tosonyeza nyumba. Mukaona zinthu zojambulidwa ndi mtundu wapepo, dziwani kuti zinawonjezedwa pambuyo pake kuchokera ku zithunzi zatsopano popanda munthu kupitako, ndipo chaka chake chalembedwa pansi pafupi ndi mawu oti photorevised. Tsambalo limaperekanso mafayilo a KMZ amene mungatsegule mu Google Earth, mapu akale n'kugona pamwamba pa chithunzi cha lero.

Mukasindikiza mapu awiriwo, akale ndi a m'ma 1960, musawafananize ndi manambala. Afananizeni ndi maonekedwe a dziko. Pezani pa mapu akale mtsinje umene kamtandako kali pafupi nawo, muutsate kutsika mpaka pamene ukukumana ndi unzake wa dzina. Pezani mphambano yomweyo pa mapu atsopano, ndipo mukwere nawo, mukuwerenga makhwawa olowa kumanja ndi kumanzere. Phiri silisamuka, ndipo mphambano ya mitsinje sisuntha kwenikweni pa zaka 100. Misewu, nyumba, mipanda ndi mayina ndizo zimasintha.

Pamenepa ndi pamene bambo akuposa mapu onse. Musawaonetse pepala n'kuwafunsa kuti lozani, chifukwa mwana wa zaka 10 wokusa ng'ombe sankaona dziko kuchokera kumwamba. Khalani nawo pansi ndi kapu ya tiyi, muwafunse za ulendo. Ankanyamuka nthawi yanji, ndipo ankagona panjira kangati? Ankawoloka madzi kangati, ndipo madziwo ankafika pati pa hatchi? Akaima pakhomo pa kanyumbako m'mawa, dzuwa linkatulukira mbali iti? Nsonga ya Cloud Peak inkaoneka, kapena inkabisika kuseri kwa chitunda? Kasupe anali kumtunda kwa khola kapena kumunsi? Madzi ankatunga ndi ndowa n'kuyenda mphindi zingati? Jambulani mawu awo pafoni. Mayankho amenewa mukawaika pa akalozera, malo khumi okayikitsa amatsala awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi, musawafulumize. Nthawi zambiri chinthu chofunika chimatuluka tsiku lachitatu, akukamba nkhani ina.

Mukafika, musayembekezere kuona nyumba. Ndinaperekezapo banja lina pa ulendo ngati wanuwu, ndipo tinadutsa pamalopo kawiri osapazindikira. Kachitatu mayi wachikulire wa m'banjamo anaima n'kuyang'ana udzu. Panali kabwalo ka udzu wobiriwira moderapo kuposa wina wonse, pamene panali khola, manyowa a zaka zambiri akudyetsabe nthaka. Chapafupi panali miyala inayi yoyalidwa pangodya, chitseko cha mbaula yachitsulo chitamira theka m'dothi, ndi waya waminga umene mtengo unaumeza m'thunthu mwake. Kasupe anali atasanduka kadambo konyowa. Mayiwo anagwada n'kukanda ndi dzanja, madzi n'kuyamba kudzaza m'kadzenjeko. Zotere mukaziona, jambulani zithunzi koma musatole kanthu. Pa malo a boma zinthu zakale zimatetezedwa ndi lamulo, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, wobwera pambuyo panu adzazifunanso.

Funso lanu lachiwiri ndiliyankhe mosabisa: ayi, kamtandako si umboni wa umwini, ndipo mapu a USGS sanajambulidwe kuti azisonyeza malire a minda ya anthu. Pali chinanso chimene mwina chingawawe pang'ono. Mbali yaikulu ya kumtunda kwa mapiriwo inapatulidwa kukhala nkhalango ya boma mu 1897, ndipo lero ndi Bighorn National Forest. Alimi a ng'ombe ankakhala ndi mafamu awo kumunsi, ndipo kumtunda ankadyetsako ndi chilolezo cha boma, cholipira chaka ndi chaka. Kanyumba ndi khola zikhoza kukhala kuti anamanga ndi agogowo ndi manja awo, koma nthaka yake sinali yawo. Ngati kamtandako kali kunja kwa malire a nkhalangoyo, nkhani ikhoza kukhala ina. Lamulo la 1862 linkapatsa munthu maekala 160 akakhalapo ndi kulimapo zaka zisanu, la 1909 linawonjezera kufika 320, ndipo la 1916, lopangidwira oweta ziweto, linkapereka maekala 640, ngakhale kuti miyala yamtengo wapatali yapansi inkatsala m'manja mwa boma. Zikalata zoyamba zimenezi zili pa tsamba la General Land Office Records la Bureau of Land Management, bungwe la boma loona za malo, ndipo mumafufuza ndi dzina la munthu. Mukapeza dzina la agogowo, chikalatacho chitchula section, township ndi range, manambala olozera pamene malowo ali. Township ndi bwalo la mamailosi 6 mbali zonse, logawidwa m'magawo 36 otchedwa section, lililonse la maekala 640, ndipo pa mapu a 1:24,000 mizere yake ndi yofiira, nambala ili pakati. Apo ndiye mukhoza kuloza ndi chala. Za amene anagula ndi kugulitsa pambuyo pake zili ku ofesi ya County Clerk, yosunga zikalata za malo, ya dera lanu la Johnson County, m'tauni mwanu momwemo. Ngati mutapeza chinthu chokupangitsani kuganiza kuti banja lili ndi gawo limene silinagulitsidwe, pamenepo lekani kudzifufuzira nokha, pitani kwa loya wodziwa za malo ndi saveya wokhala ndi chiphaso cha Wyoming. Musakhome chikhomo kapena kugwira mpanda wa munthu chifukwa cha mapu.

Geti lija nalonso likhale lokhoma mpaka mwini wake atakutsegulirani. Mzere wa msewu pamapu umangonena kuti panali njira, sunena kuti aliyense angadutsepo. Funsani ku ofesi ya County Clerk ija kuti malowo ndi a yani, muimbe foni kapena mupite masana, bambo ali nanu. M'zaka zanga zonse sindinaone kawirikawiri mlimi wa ng'ombe akukaniza nkhalamba imene yamuuza kuti ndinkakusa kuno ndi agogo anga. Ena amakwera nanu galimoto n'kukulozerani okha. Ngati malowo ali m'nkhalango ya boma, pitani ku ofesi ya Forest Service, bungwe loyang'anira nkhalango za boma, ku Buffalo kapena ku Sheridan mukatenge mapu aulere otchedwa Motor Vehicle Use Map, osonyeza misewu yololedwa ndi miyezi imene imatsegulidwa. Mufunsenso ngati ali ndi mafayilo akale a zilolezo zodyetsera ziweto. Chigawo cha pakati pa mapiriwo, Cloud Peak Wilderness, chinatsekedwa kwa magalimoto onse mu 1984, ndipo kumeneko n'kwa miyendo kapena hatchi basi. Ku nyumba yosungira zakale ya Jim Gatchell ndi ku laibulale ya m'tauni mwanu kulinso anthu odziwa mabanja akale a m'derali. Muwatengere chithunzi cha chizindikiro chimene banja lanu linkaotcha pa ng'ombe, chifukwa kumeneko chizindikiro chimakumbukika kuposa dzina.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandikhudza ndikamayang'ana mapu amenewa, ndipo ndikufuna ana anu adzachidziwe. Malo oyera papepala sakutanthauza kuti kunalibe anthu. Mapiriwa anali kwawo kwa a Crow, mtundu wa eni nthaka a ku America, ndipo mitundu ina, a Cheyenne, a Lakota ndi a Arapaho, ankasakamo. Anachotsedwamo zaka 20 kapena 30 zokha asaveya asanafike, ndipo mayina awo a mitsinje ndi mapiri ambiri sanalembedwe. Ena mwa amene analembedwa anali onyoza, moti mu 2022 boma linasintha mayina pafupifupi 650 m'dziko lonse amene anali ndi liwu lonyoza amayi a mitundu imeneyi. Abusa a nkhosa a mtundu wa Basque wochokera ku Spain ndi France, amene zidzukulu zawo mumakumana nazo m'masitolo a ku Buffalo, ankagona m'ngolo zosamukasamuka, ndipo mapu sanawaone. Choncho dzina la kasupe limene bambo akulikumbukira likapanda kupezeka papepala lililonse, musaganize kuti alipeka. Lilembeni inuyo, pa kope, ndi tsiku lake.

Mapu enieniwo musapite nawo kuthengo. Musawamate selotepi, musawakutire pulasitiki yootcha ija, ndipo musafufute pensulo iliyonse. Ajambuleni mbali zonse ziwiri, muwagoneke chafulati pakati pa mapepala oyera, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Osindikizidwawo alipo ambiri pa intaneti, koma okhala ndi kamtanda ka agogo ndi amodzi okhawo.

Za ulendo weniweniwo ndikupempheni kusamala, chifukwa bambo ndi wamkulu. Buffalo ili pa mamita pafupifupi 1,400. Msewu wa US 16 umakwera mpaka Powder River Pass, mafiti 9,666 (mamita pafupifupi 2,950), kumene ndi pafupifupi msinkhu wa Sapitwa pa phiri la Mulanje, ndipo galimoto imakufikitsani kumeneko pasanathe ola limodzi. Thupi la zaka 84 silizolowera msanga chotero. Akaonane kaye ndi dokotala wawo, makamaka ngati ali ndi vuto la mtima, la mapapo kapena la kuthamanga kwa magazi, ndipo mumuuze dokotalayo msinkhu wa malowo. Ali kumtunda akayamba kupuma movutikira atakhala pansi, kumva kupweteka pachifuwa, mutu waukulu kapena kusokonezeka, tsikani nawo nthawi yomweyo, ngakhale mutatsala pang'ono kufika, ndipo zikapanda kusintha mupite nawo kuchipatala. Pitani pakati pa Julaye ndi kumayambiriro kwa Seputembala, munyamuke m'mamawa kuti mabingu a masana akupezeni mukutsika. Mvula ikagwa, misewu yafumbi ya kumeneko imaterera ngati therere. Netiweki kulibe m'malo ambiri, choncho mapu akhale osungidwa kale m'foni ndi ena apepala m'thumba, ndipo wina wotsala kunyumba adziwe njira yanu ndi nthawi yobwerera.

Ulendo woyamba mupite awiri ndi amuna anu, bambo atsale. Mukapeze malowo, muyeze kuti kuchokera pamene galimoto imaima pali mtunda wotani, mujambule zithunzi mutaima pamene mukuganiza kuti panali khomo, kuyang'ana kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kummwera. Madzulo muwaonetse osawauza kanthu, muone ngati atchule okha phiri limene lili pachithunzipo. Akalitchula, konzani tsiku, munyamule mpando wopinda, jekete lochindikala ndi madzi okwanira, ndipo zidzukulu zipite nawo.